Ndani Amasokera Makompyuta a Kaunjika?

Mawu awiri

Illegal instruction.

Kakompyutako kanangonena zimenezo basi, n'kukhala duu. Ndinalembanso lamulolo poganiza kuti chala chaphonya. Illegal instruction. Kenako ndinati mwina fayilo yafika yoduka, ndikaitsitsenso. Apa m'pamene mtima unawawa, chifukwa pasukulu imeneyo netiweki imagwira malo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa ofesi ya a hedi. Umaima pamenepo foni ili m'mwamba, ana a Fomu 1 akukuseka chapansipansi, bandulo ikusungunuka ngati mchere m'ndiwo. Nditabwerera m'kalasi ndi fayilo yatsopano, yankho linali lomwe lija.

Sukuluyo ndi sekondale yoyendera yakumudzi. Inalandira katoni ya ma Raspberry Pi asanu, timakompyuta ting'onoting'ono, kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino akunja, amene atagula atsopano anaona kuti akalewa asangotayidwa. Anali a Model B+, aja a pulosesa imodzi ya 700 MHz ndi memori ya 512 MB. Ine si mphunzitsi. Mlamu wanga ndiye amaphunzitsa masamu kumeneko, ndipo pabanja mukangodziwika kuti "amadziwa zamakompyuta", mukudziwa kale mmene zimathera. Pempho lake pakamwa linali lopepuka: kamodzi kasunge Wikipedia kuti ana aziwerenga popanda intaneti, kena kaziwonkhetsa malikisi a mayeso, iye asiye kuchezera ndi kakyuleta kumapeto kwa temu iliyonse. Za Wikipedia ndidzakamba tsiku lina. Chimene chinandisowetsa tulo ndi cha malikisichi.

Ndinamuuza kuti ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Ndinakhalako masiku anayi.

Malaya a msinkhu wina

Patsamba pamene ndinatenga pulogalamu yowonkhetsa malikisi imene inkakana ija panali mafayilo atatu a Linux, sisitimu yoyendetsa kakompyutako: amd64, arm64, ndi ina yongolembedwa kuti arm. Aliyense amadziwa kuti pulosesa ya Pi ndi ya mtundu wa ARM, ndiye ndinatenga yachitatuyo mosakayika. Ndikanayamba ndafunsa kakompyutako ndi lamulo la `uname -m`, kakanandiyankha kuti armv6l, ndipo 6 ameneyo ndiye anali gwero la zonse.

Pulogalamu monga mmene munthu anailembera ili ngati nsalu yosasoka. Kuikompayila ndiko kuipereka kwa telala kuti aisoke pa msinkhu wa pulosesa inayake. Fayilo imene timatsitsa n'kungoitsegula ndi malaya osokasoka, ndipo ambirife sitiganizako za telala chifukwa malaputopu athu ambiri ndi amsinkhu umodzi. Fayilo yanga ija inasokedwera ARMv7. Pulosesa ya mu Model B+ ndi ARM11, ya m'badwo wa ARMv6, ndipo pali malamulo ena a ARMv7 amene siiwadziwa n'komwe. Ikakumana ndi limodzi mwa malamulo amenewo siyesa kulota tanthauzo lake. Imaima pomwepo, ndipo Linux imapha pulogalamuyo ndi mawu awiri aja.

Vutoli ndi lakale ngati Pi yomweyo. Itatuluka mu 2012, Debian, umodzi mwa mitundu ya Linux, inali ndi mitundu iwiri ya ARM ya 32-bit. Wina, armel, unkayenda pa Pi koma mwaulesi, chifukwa sunkagwiritsa bwino ntchito gawo la pulosesa lowerengera manambala a madesimo. Winawo, armhf, unali wachangu koma unkayambira pa ARMv7. Pi inagwera pakati. Anthu awiri ongodzipereka, Mike Thompson wa ku America ndi Peter Green wa ku England, anatenga Debian armhf n'kuisokanso yonse pa msinkhu wa ARMv6, maphukusi okwana ngati 19,000, poyamba pa timakina ta ARM timene Thompson anaunjika kunyumba kwake. Raspbian, Linux ya pa Pi, inabadwa choncho. Ndiye kuti chilichonse chimene chinkayenda pa kakompyuta kanali patsogolo panga chinali chitadutsa kale m'manja mwa atelala amenewa. Ine ndinavutika nditangotuluka m'shopu yawo n'kukatola malaya kwina.

Usiku wa pandas

Ndinaitaya pulogalamu ija. Ndinati ndilemba yanga m'chilankhulo cha makompyuta cha Python, yowerenga mafayilo a malikisi n'kutulutsa mapozishoni, ndipo palaputopu inatheka masana omwewo. Inkadalira phukusi la Python lotchedwa pandas, pandas nayo imadalira lina lotchedwa numpy. Zimene zinali mu apt, chida choikira mapulogalamu cha pa khadi la SD la Pi, zinali zakale moti kapulogalamu kanga kankakana, ndiye nditakatsitsa mafayilo ake pachulu ndinalemba `pip3 install pandas`, lamulo limene palaputopu limatha usanamalize kuthira shuga mu tiyi.

Inali cha m'ma 4 koloko madzulo. Pa sikirini panatuluka mzere wonena kuti ikuyendetsa setup.py ya numpy, kenako zii. Kanyali kobiriwira kankangophethira. Ana anaweruka, aphunzitsi anapita, mlamu wanga anandibweretsera mbatata yootcha n'kundisiya. Numpy inatha patadutsa maola awiri ndi kanthu, ndipo ndinaomba m'manja ndekhandekha m'kalasi. Pandas itayamba, ndinadikira mpaka mdima unagwiratu, kenako sikirini inadzaza ndi zofiira. Pakati pake panali mzere uwu: internal compiler error: Killed (program cc1plus). Memori inatha, Linux n'kupha kompayila kuti makina asafe onse.

Mankhwala ake ndinkawadziwa. Raspbian inkabwera ndi swap, malo a pa khadi obwerekera memori ikatha, ya 100 MB yokha, ndiye ndinatsegula /etc/dphys-swapfile, n'kusintha 100 kukhala 1024, n'kuyambiranso. Swap pa khadi la SD ili ngati kutunga madzi ndi supuni, komabe madziwo amafika.

Pasukulupo palibe magetsi a pa waya. Pali sola imodzi ndi batire limodzi, lomwe limayatsa mababu a ana okonzekera MSCE komanso kutchaja mafoni a aphunzitsi onse. Pi yokha siidya moto wambiri, koma ndinali nditalumikizanso monita yakale ndi laputopu yanga pa inveta yomweyo. Zimenezi ndinaziganizira mochedwa.

Cha m'ma 10 anafika alonda, bambo achikulire ovala chikhothi chachitali, tochi m'manja. Anaima pakhomo kwa kanthawi akuyang'ana kabokosi kopanda chivundikiro kali pa desiki.

"Achimwene, simukagona? Chikutani chimenechi?"

"Chikuphika, madala."

"Chikuphika chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati pali chinthu chimene makompyuta ena amalandira chopsa kale, koma aka chifukwa ndi kamtundu wina, akapatsa chachiwisi kuti kaziphikire kokha, ndipo moto wake ndi wochepa. Anakhala pa benchi la ana, miyendo itapindika, n'kuzimitsa tochi kuti asunge mabatire.

"Ndiye kotereka kalipo kamodzi dziko lonse?"

"Ayi, tilipo tambirimbiri. Mamiliyoni."

"Ndipo aliyense ali nako amachezera chonchi, kuphika chomwechi?"

Ndinati eya, ngakhale ndinali ndisanaliganizepo funsolo.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu ophunzira inu. Pamaliro mumaona banja lililonse likusonkha moto wake? Amaphika mumphika umodzi waukulu, enawo n'kumangobwera ndi mbale."

Ndinasekanso nawo, koma ndinayankha zodzitchinjiriza, zoti za makompyuta n'zovuta, sizili ngati nsima. Iwo sanatsutse. Anandisimbira za njovu zimene zinkabwera kudzadya chimanga kwawo ali mwana, kenako anapita kukazungulira. Ine ndinatsamira khoma, maso pa kanyali kobiriwira kaja.

Chimene chinandidzutsa ndi kulira kwa inveta, kuja kwa tswii tswii kochenjeza kuti batire latha. Ndisanafike pa soketi kuti ndizule monita, zonse zinathima. Pafoni inali 3:20. Maola asanu ndi kanthu a kuphika anapita choncho, chifukwa pip ikadukizidwa siipitiriza pamene inalekera.

M'mawa aphunzitsi anabwera ndi matchaja awo n'kupeza batire lili gwaa. Palibe anandikalipira. A hedi anangoti, "Bambo, makina anuwa akuoneka aang'ono koma amadya ngati nkhumba," ndipo zinandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Mzere umodzi

Ndinakwera pachulu paja ndi funso la alonda m'mutu, ndipo ulendo uno sindinafufuze mmene ndingakompayilire pandas mwachangu. Ndinafufuza ngati pali amene anaikompayila kale.

Analipo. Dzina lake piwheels. Anaiyambitsa Ben Nuttall mu 2017, nthawi imeneyo akugwira ntchito ku Raspberry Pi Foundation, ndipo Dave Jones anadzailemba mwatsopano kuti ipirire katundu wolemera. Ntchito yake ndi mphika wa alonda uja ndendende. Ma Raspberry Pi enieni, osungidwa ndi kampani ya ku UK ya Mythic Beasts, amatenga phukusi lililonse lotuluka pa PyPI, nkhokwe yaikulu ya mapulogalamu a Python, n'kulikompayila kamodzi. Chotulukacho, chimene a Python amachitcha wheel, amachiika poti aliyense atenge.

Ndinapanga fayilo ya /etc/pip.conf n'kuikamo adiresi ya piwheels pa mzere wa extra-index-url. Ndinanyamula Pi, pawabanki ndi laputopu kupita nazo pachulu, n'kukweza pip kaye chifukwa ya pakhadipo inali yakalekale, kenako n'kulembanso lamulo lomwe lija. Pa sikirini panadutsa dzina la fayilo lothera ndi linux_armv6l.whl. Sindinaonepo dzina la fayilo lokongola chotero. Zonse zinatha m'mphindi zochepa, ndipo zambiri mwa mphindizo zinali za netiweki.

Sikuti zinangoyenda bwinobwino mpaka kumapeto. Nditaitana numpy inadandaula kuti siikupeza libf77blas.so.3. Wheel imabwera ndi zake zokha, koma malaibulale a pansi amene inasokedwa nawo uyenera kuwaika wekha ndi apt, ndipo apa inkafuna libatlas3-base. Ulendo winanso wa pachulu. Pofika nthawi ya buleki, kapulogalamu kanga kanatulutsa mapozishoni a Fomu 3 pa kakompyuta kamene dzulo lake kanamaliza batire la sukulu yonse.

Chochititsa manyazi ndi ichi: Raspbian Stretch, imene inali itatuluka kale mu 2017, imabwera ndi mzere umenewo woikiratu. Makadi a m'katoni muja anali ndi Jessie, yakumbuyo kwake. Opereka mphatso anatumiza makinawo monga mmene anawasiyira m'kabati.

Ndinadzafufuza pambuyo pake chifukwa chimene PyPI yeniyeniyo inalibe wheel ya kakompyuta kanga. Muyezo woyamba wa ma wheel a Linux, manylinux1 wa mu 2016, unkadziwa mapulosesa a x86 okha, a 64-bit ndi a 32-bit. Wotsatira wina, manylinux2014, unawonjezera aarch64, armv7l, ppc64le ndi s390x. ARMv6 sinalowemo. Komanso muyezo kukhalapo sikutanthauza kuti wolemba pulogalamu asoka. Ayenera kukhala ndi makina oti asokerepo ndi kuyeserapo, ndipo ambiri ali ndi laputopu imodzi ndi maola a madzulo ataweruka kuntchito.

Amene amatsala m'mbuyo

Chiyambire usiku umenewo, nkhani zimene kale ndinkazidumpha ndimaziwerenga mpaka pansi.

Mu February 2021, phukusi la Python lotchedwa cryptography, limene mapulogalamu ambirimbiri amadalira pa zachitetezo, linatulutsa 3.4 ndipo linayamba kugwiritsa ntchito chilankhulo cha Rust. Eni ake anali ndi chifukwa chomveka: chilankhulo cha C chimalola zolakwika za memori zimene akuba amalowerapo, Rust imatseka zambiri mwa zimenezo. Amene ankalandira wheel sanamve kanthu, anangokweza n'kupitiriza ntchito. Phokoso linachokera kwa amene ankaphika okha, chifukwa mwadzidzidzi anafunika kompayila ya Rust, ndipo pa mapulosesa ena akale monga alpha, hppa ndi ia64 kompayila imeneyo kunalibe n'komwe. Anthu a Gentoo, mtundu wina wa Linux, amene amasamala mapulosesa oterewa, anadandaula kwambiri. Mkanganowo unali woopsa, koma ine chimene ndinatolapo n'chakuti kusintha kumodzi komweko kunali kosaoneka kwa wina, kwa wina n'kukhala khoma, ndipo chosiyanitsa chinali kungoti ndani ali ndi womuphikira.

Debian 13, yotchedwa trixie, inatuluka pa 9 August 2025. Nkhani imene inamveka kwambiri ndi yoti riscv64 yalowa m'gulu la mapulosesa ovomerezeka koyamba, ndipo n'zosangalatsadi. Koma m'chikalata chomwecho muli mizere ina. Ya i386, kutanthauza ma PC a 32-bit, ilibenso kernel, mtima wa Linux, kapena pulogalamu yoikira, yangotsala yothandizira mapulogalamu akale pa makina a 64-bit. Ya mips64el inachotsedwa. Ya armel, trixie ndi yomaliza, ndipo makina amene kernel yake ikuwasamalabe ndi Raspberry Pi 1, Zero ndi Zero W. Pulogalamu ina yotchuka, Node.js, nayo inatsitsa ARMv6 pa mndandanda wake waukulu kuyambira pa 12 mu 2019, ndipo ofuna mafayilo ake amakawapeza ku nkhokwe ina ya anthu ongodzipereka yotchedwa unofficial-builds.

Sindikuwada anthu amene amapanga zisankho zimenezi. Ndinayesapo kusunga kapulogalamu kamodzi kokha kuti kaziyenda pa mitundu itatu ya pulosesa ndipo ndinatopa. Ku Debian mtundu uliwonse umafuna makina ake okompayilira, amene amawatcha buildd, oyaka usana ndi usiku, ndiponso anthu oti phukusi likakana pa mtundu umenewo adzuke n'kukonza. Phukusi limodzi likakanika pa pulosesa imodzi lingathe kuchedwetsa ena onse. Pali njira zachidule, inde. Ungakompayile pa kompyuta yamphamvu molozera pulosesa ina, kapena kunamizira pulosesayo ndi pulogalamu ya QEMU. Koma yoyambayo imasoka popanda woyesa malaya, yachiwiriyo ndi yochedwa ndipo nthawi zina imalola zimene pulosesa yeniyeni ikanakana. Pamapeto pake pamafunikabe munthu amene ali ndi chitsulo chenichenicho ndipo amachikonda.

Chimene chimandivuta ndi masamu ake. Akamati mtundu uwu ogwiritsa ntchito atha, amawerenga amene amaoneka: otsitsa mafayilo pafupipafupi, otumiza malipoti a zolakwika, oyankha pa zokambirana. Pi ya mlamu wanga siioneka paliponse. Inakwera pachulu kawiri m'moyo wake wonse. Timalaputopu tating'ono ta 32-bit tija tinadzaza m'makabati a masukulu ndi m'maofesi a mipingo sititumiza lipoti kwa aliyense. Makina akakalamba kumene anagulidwa satha, amakwera sitima n'kubwera kuno monga mabelo a kaunjika. Ndiye nthawi imene kwawoko akuti "palibenso amene ali nako", kuno m'pamene katoni ikutsegulidwa kumene, a hedi akulemba kalata yothokoza.

Ndipo kuphika wekha, kumene kwa wina ndi kungodikira pang'ono, kuno ndi batire la sukulu, ndi bandulo, ndi khadi la SD lotha msanga chifukwa cha swap. Amene amafunikitsitsa chophikaphika ndi omwewo amene ali kumapeto kwa mzere wopakulira.

Fulashi ya m'thumba

Pali zingapo zimene ndinasintha. Munthu akandiimbira kuti bungwe lina likufuna kutipatsa makompyuta, funso langa loyamba si loti ndi angati. Ndimapempha kuti wina ayatse imodzi andiwerengere zimene `uname -m` ikunena. Ena amaona ngati ndi mwano kufunsa mafunso pa mphatso, ndipo mwina ndi mwanodi pang'ono. Ndikalemba kanthu m'chilankhulo cha Go, ndimatulutsanso fayilo ya GOARM=6 ngakhale palibe wandipempha, ndipo dzina lake ndimalemba armv6 momveka, osati arm yokha. Zimanditengera mphindi imodzi.

Ndimayendanso ndi fulashi. Chilichonse chimene ndakompayila pa Pi yakale ndimachisunga ndi `pip wheel`, ndipo zimene ndatsitsa ku piwheels ndimasunganso, kuti pasukulu yotsatira ndisakwerenso chulu. Aphunzitsi a masukulu awiri oyandikana anakoperako. Apa pali chinthu chimene chimandidetsa nkhawa, chifukwa chophikidwa kale umadya osaona mmene anaphikira. Iwo akukhulupirira ine, ine ndikukhulupirira piwheels, piwheels ikukhulupirira zimene zili pa PyPI. Fulashi imene yalowa m'malaputopu khumi ingathe kunyamula chilichonse. A Debian ali ndi ntchito ya reproducible builds, yofuna kuti anthu awiri akakompayila pulogalamu imodzi apeze fayilo yofanana ndendende, kuti wophika azitha kufufuzidwa. Ine zanga sizinafike pamenepo. Ndimangosunga ma sha256 a mafayilowo, manambala otsimikizira kuti fayilo sinasinthidwe, pa pepala limene lili m'chikwama, ndipo ndikunena zoona, amene anandipemphapo pepalalo ndi mmodzi yekha.

Mwa ma Pi asanu aja, awiri anafa ndi mphenzi, kamodzi kanasowa. Ka malikisi kakadalipo. Ndinapitako temu yatha kukasintha khadi, ndipo ndinapeza kuti mlamu wanga anakaika m'kontena ya majarini yoboola m'mbali kuti kazipuma. Pa chivundikiro ndinalembapo ndi maka kuti armv6l, kuti wobwera pambuyo panga asadzathere bandulo pachulu. Alonda aja anandipeza ndikulemba, tsopano akuyenda ndi ndodo.

"Achimwene, mwabweranso. Lero tichezera?"

Ndinawaonetsa fulashi. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera, n'kufunsa ngati ndingawaonereko foni yawo, yasiya kulira.